Nsapato Zosakalamba za Agogo a Lumo

Kashopu ka Lumo kanali ndi mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la odikira lomwe mwendo wake wina anauchirikiza ndi njerwa. Dzina lakuti Lumo anamupatsa chifukwa cha ntchito yake yometa anthu, ngakhale ena ankati linkayenera lilime lake, poti mkuluyu akayamba kulankhula ankadula mawu a aliyense. Ukangokhala pampando paja, nsalu itakukulunga mpaka m'khosi, makina akulira kuseri kwa khutu, unalibe kothawira. Nkhani ya agogo ake unkaimva basi, kaya ukufuna kaya sukufuna.

Nkhaniyo inali yakuti agogo ake aamuna, bambo a amayi ake, anali mng'ono wake wa Mwinimabasi. Ana a lero sangamudziwe Mwinimabasi, koma inu ndi ine amene tinakwerako mabasi ake obiriwira aja, a mzere woyera m'mbali, tikatsinzina timawaonabe. Hutala inkamveka basi isanatulukire pakona, ana n'kusiya masewera kuthamangira kumsewu. Pamwamba pankakhala njinga, matiresi ndi masutikesi a malata, ndipo amuna onyamula katundu ankakwera makwerero a kumbuyo basi itanyamuka kale. M'kati munkanunkha dizilo ndi makoko a malalanje. Mwiniwake anali munthu wa chipewa chakuda, wosalankhulalankhula, koma akangokhosomola pa depoti madalaivala onse ankaimirira. Anamwalira kalekale, mabasi anagulitsidwa imodziimodzi, koma dzina lake linatsala m'kamwa mwa anthu.

Lumo nkhaniyi sanaipeke yekha ayi, anachita kuiyamwa kwa amayi ake. Lamulungu lililonse masana ankapita kukawaona m'kachipinda kawo, kuseri kwa nyumba ya mlongo wake. Munali bedi, makina osokera amene anasiya kalekale kugwira ntchito, ndi wailesi yofunditsidwa kansalu koluka. Mayiwo maso anali atayamba kuona mwachimbuuzi, koma akayamba za bambo awo nkhope yonse inkawala.

"Bambo anga nsapato zawo sizinkakalamba, mwanawe," ankatero. "Mwezi uno zakuda, mwezi wamawa zofiirira, zachikopa chenicheni, zolira akamaponda. Ine sindinawaonepo ndi nsapato yotha chidendene. Loweruka tinkayala nyuzipepala pakhonde, ine kugwira burashi, iwo kansalu, kupukuta mpaka ndidzione nkhope. Akavala jekete lawo la mabatani onyezimira n'kutuluka, azimayi a mu mzere wathu ankasiya kuchapa. Ndiye kayendedwe kake! Pang'onopang'ono, osati kuthamanga ngati ife anthu wamba. Basi sankakwera, mvula igwe, dzuwa liswe mtengo. Ankati mwini chinthu salimbirana mpando ndi alendo ake."

"Nanga za galimoto zija, amayi?" Lumo ankawakumbutsa dala, ngakhale ankazidziwa pamtima.

"Iii, zimenezo ndinamva ndi makutu angawa! Tikuyenda pamsewu atandigwira dzanja, galimoto yakuda inaima, bwana wamkulu uja n'kutsitsa galasi. Amvekere, 'Mphwanga, wadzuka bwanji?' Pamaso pa anthu onse! Ine tsiku limenelo sindinadye, chimwemwe chinandikhutitsa."

Kunena zoona, mayiwa moyo sunawakomere. Mwamuna wawo anawathawa ana ali aang'ono, ndipo anawo anawalera ndi singano, kusoka mayunifolomu a ana a eni mpaka msana unapindika. Ananyozedwapo, anatulutsidwapo m'nyumba za lendi katundu ali pamutu, koma sanazyolike, chifukwa mumtima ankadziwa kuti iwo ndi mwana wa munthu wolemekezeka. Bambo awo ndiwo anali chinthu chokhacho chimene umphawi sunadetse. Muukalamba wawo anatsala ndi chimenechi basi, ndipo sankapempha china.

Tsono tsiku lina Loweruka, shopu itadzaza, pampando panakhala dalaivala wa takisi, munthu wa nthabwala zoluma. Lumo atangofika pa "mphwanga" paja, wa takisi anatulutsa dzanja pansi pa nsalu.

"Taimani kaye, a Lumo. Mabasi onse aja, inu osatsalako ndi tayala lomwe? Ngakhale kagalasi koti muike m'malo mwa long'alukali?"

Benchi lonse linafa ndi phwete.

"Chibale cha pakamwa n'chosavuta," anapitiriza wa takisi. "Inenso agogo anga anali mlamu wake wa mwini ndege, kungoti anayambana pa nkhani ya mapiko."

Anthu anaseka mpaka wina anagwetsa njerwa ya benchi. Lumo anaseka nawo ndi mano okha, koma mumtima munali moto. Mutu uja anaumaliza ali chete, chinthu chimene chinali chisanaonekepo m'shopumo. Akukutumula nsalu anati, "Ndidzakubweretserani umboni, achimwene. Tsiku limenelo mudzandipepesa mutagwada."

Mkazi wake atamva zimenezi anamutsina khutu. "Abambo, wa takisi uja pofika mawa akhala ataiwala. Nkhaniyi ndi ya amayi, si yanu. Isiyeni mmene ililimo."

"Safunsa anadya phula," anayankha Lumo. "Ine ndikungofuna kufunsa."

"Mwakhala nayo zaka zonsezi osafunsa, mwadya phula lanji?"

Lumo anangotenga chipewa n'kutuluka. Munthu akaumitsa khosi, abale inu, ngakhale umuimbire belu m'khutu samva.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse shopu inkakhala yotseka. Anapita ku laibulale yaikulu, n'kukhala tsiku lonse akutembenuza nyuzipepala zakale zachikasu, fumbi likumuyetsemulitsa. Anamuona Mwinimabasi akudula riboni, Mwinimabasi akugwirana chanza ndi akuluakulu, Mwinimabasi ataima pambali pa basi yatsopano, koma za mng'ono wake panalibe ngakhale mzere umodzi. Lumo anadzitonthoza kuti agogo sankakonda zodzionetsera. Anapitanso kumene kunali depoti. Anapeza anthu akugulitsapo mipando ndi makabati, dzenje lokonzerapo mabasi litadzaza madzi a mvula, penti yobiriwira itatsala pachitsulo cha geti pokha. Anaima pamenepo nthawi yaitali, chisoni chitamugwira, poti anakumbuka tsiku limene amayi ake anamukweza basi koyamba atamuveka kabudula watsopano. Mayi wina wogulitsa mipando ndiye anamulozera kwa nkhalamba ina imene inali makaniko wa mabasiwo.

Makanikoyo anamupeza atakhala pa tayala lakutha, pakhomo pa galaja ya mwana wake, manja akunjenjemera koma mutu uli bwinobwino. Lumo atatchula agogo ake, nkhalambayo inatsinzina.

"Wa mpata m'mano uja? Woyenda ngati akuponda mazira? Ndamukumbuka."

"Eya, omwewo! Ankayenda choncho chifukwa cha ulemu wawo. Paja anali mng'ono wa bwana."

Makaniko anayang'ana zikhatho zake, kenako anayang'ana Lumo. "Mwana wanga, agogo ako anali munthu wabwino, sanayambanepo ndi munthu. Tenga zimenezi upite nazo kunyumba, n'zokwana."

Wina aliyense akanamva kuti pamenepa pali dzenje. Koma Lumo anakakamira ngati nkhupakupa, mpaka nkhalambayo inatopa n'kumuuza kuti mwana wamkazi wa Mwinimabasi adakali moyo, amakhala m'nyumba yakale ya bambo ake, ndipo antchito amangowatchula kuti Adona. "Koma ukapita, upite wekha," inatero. Mawu omalizawa Lumo anawasiya pagalaja pomwepo.

Anakasiya uthenga kwa mlonda wa pageti, ndipo yankho silinachedwe. Adona anakondwa kwambiri kumva kuti agogo a Lumo anasiya mbewu, ndipo anati abwere adzamwe tiyi, abwere ndi amayi ake, mwana wa malemuwo, ngati alipo. Ha! Lumo mtima unali m'malere. Umboni wina ungaposenso apa? Anthu olemera saitana mlendo kudzamwa tiyi popanda chifukwa. Anazilengeza m'shopu kwa aliyense wobwera, ndipo kuti zikome, anapangana ndi wa takisi yemwe uja kuti ndiye adzawanyamule, adzalowe nawo m'nyumbamo, adzamve yekha.

Amayi ake poyamba anatemetsa nkhwangwa pamwala. "Bambo anatiletsa. Ankati kunyumba imeneyo tisadzapondeko, chibale sichipita kukagogoda kuti achizindikire."

"Amayi, sitikukagogoda ife, atiitana okha. Mwana wa bambo anu aakulu ameneyo, mchemwali wanu, magazi amodzi. Mukufuna mudzatsikire kuli chete musanaonane naye?"

Mawu amenewa anawalasa. Abale awo onse anali atapita, anzawo a ubwana analibenso, ndipo kusungulumwa kwa ukalamba n'kowawa. Kenako anafunsa ngati diresi lawo la maluwa abuluu lingawakwanebe. Sabata yonseyo ankangofunsa mlongo wa Lumo kuti, "Kodi ndikakafika ndikayambe ndine kulankhula, kapena ndikadikire iwo?"

Nyumba ya Adona inali yaikulu, koma zaka zinali zitaidya. Penti inali itasupuka, udzu utamera m'ming'alu ya masitepe. M'chipinda chochezera munali makatani olemera, mipando yachikopa yong'ambika m'mikono, ndi zithunzi za mabasi khoma lonse. Adona anatulukira ndi ndodo, tsitsi lili mbuu, ndipo atangowaona amayi a Lumo anatambasula manja.

"Ndinu mwana wawo? Ayi ndithu, mphumi ndi yomweyo!"

"Ndine, achemwali," anayankha mayiwo. Adona sanadabwe ndi dzinalo, poti akazi achikulire amaitanana choncho. Anakumbatirana, ndipo Lumo anayang'ana wa takisi ndi diso lakuti waona? Wa takisi anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, kapu ya tiyi ili pabondo.

Anacheza za mabasi, za misewu yakale, za sitolo zimene zinagwetsedwa. Akazi awiriwo anapeza kuti ankagula riboni ya tsitsi pasitolo imodzi ali atsikana, ndipo anaseka ngati ana. Zikanathera pomwepo bwenzi tsikulo lili lokoma. Koma Lumo anali asanapeze chimene anadzera.

"Amayi," anatero kwa Adona, "tafotokozani pang'ono kuti mnzangayu amve. Agogo anga ndi bambo anu, chibale chawo chinali chotani? Mimba imodzi, kapena bambo mmodzi?"

Adona anaseka, kuseka kwabwino kopanda njiru. "Chibale? Ayi mwanangu, bambo anga anabadwa okha, analibe mng'ono kapena mlongo. Kodi kunyumba sanakuuzeni ntchito yawo? Iii, inali ntchito yoti lero simungaipezenso."

Anaika kapu pansi, n'kukhala bwino, mwa munthu amene wapeza womvetsera nkhani imene amaikonda.

"Bambo anali ndi mapazi ovuta. Nsapato yatsopano ikangowakhudza, phazi linkatupa, sabata yonse osapita ku depoti. Koma kukonda nsapato kwake! Ankaziitanitsa kutali, chikopa chouma gwa. Ndiye amayi anga ndi amene anaganiza nzeru. Anaitanitsa onyamula katundu onse pabwalo apo, n'kuwayeza mapazi mmodzimmodzi. Ankafuna wa phazi lokulirapo pang'ono kuposa la bambo, kuti nsapato izifutukuka bwino. Agogo anu ndiwo anapezeka. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukwera pamwamba pa mabasi. Ntchito yawo inali kuvala nsapato zatsopano za bambo n'kumayenda nazo mpaka zifewe. Zikafewa ankabweza, n'kutenga zina."

Adona maso anali pa zithunzi za pakhoma, moti sanaone nkhope za alendo awo.

"Basi anawaletsa kukwera, poti nsapato sifewa munthu atakhala pansi. Kuchoka kwanu kupita ku depoti, kuchoka ku depoti kubwera kuno, wapansi basi. Tsiku lina apolisi anawagwira, amvekere munthu wa malaya ong'ambika wazitenga kuti nsapato zoterezi. Ndiye bambo anayamba kuwapatsa majekete awo akale kuti zizigwirizana. Bambo ankawakonda, mpaka ankawatcha mphwanga mwanthabwala. Ndimakumbukira akafika kuseri kukhitchini, ankakhala pasitepe n'kuvula, masokosi atamatirira ku zidendene. Ine ndili kamtsikana ndinkathawa, ndinkaopa magazi. Koma kudandaula ayi. Munthu wofatsa ngati ameneyo sindinamuonenso."

Amayi a Lumo anagwira kapu yawo ndi manja awiri, n'kuiika patebulo mosamala. Wa takisi, munthu amene sankasowa chonena, anangoti maso pansi.

Amene anayamba kuimirira ndi mayiwo. Anakonza diresi lawo, n'kuwerama pang'ono. "Zikomo, mayi, mwatilandira bwino. Dzuwa lapendeka, tiyeni tizipita."

"Mudzabwerenso, chonde," anatero Adona akuwaperekeza. "Masiku ano ndilibe wocheza naye za kale."

M'galimoto wa takisi wailesi sanayatse, ndipo mabampu ankawadutsa pang'onopang'ono ngati wanyamula wodwala. Atafika anatsika, n'kuwatsegulira mayiwo chitseko, chipewa chili m'manja. Anangoti, "Pepani, amayi," n'kumapita.

Mayiwo analowa m'kachipinda kawo n'kukhala pabedi, manja ali pamiyendo. Lumo anagwada pafupi.

"Amayi, mwina mayi aja akalamba. Mwina akusokoneza ndi munthu wina."

"Sakusokoneza."

Anayang'ana kuwala kwa pawindo, kenako anayamba kulankhula motsitsa.

"Bambo akabwera madzulo ankandituma madzi ofunda m'beseni, ndithiremo mchere, ndiwapititsire kuchipinda, nditseke chitseko. Ankati anthu olemekezeka sasamba mapazi ana akuona. Ndikamakataya madziwo ankakhala ofiira. Ndinafunsa kamodzi, anati ndi utoto wa nsapato. Ine ndinakhulupirira, mwanawe. Pamsewu ndinkawakoka dzanja kuti tifulumire, anzanga ationere asanalowe m'nyumba. Ndinkawakoka ndithu, iwo akungomwetulira."

"Amayi, ndikhululukireni. Ine sindinadziwe."

"Nanenso sindinkadziwa, ndipo iwo ndi amene anafuna kuti ndisadziwe. Usaganize kuti ndikuchita manyazi poti ankanyamula katundu kapena kufewetsa nsapato za munthu. Ntchito ndi ntchito, inenso ndasokera anthu moyo wanga wonse. Chikundiwawa n'chakuti anabisa zilonda zawo mpaka kumanda kuti ine ndiziyenda mosazyolika. Analibe munda, analibe nyumba, anandisiyira chokhachi. Iwe lero wawavula nsapato pamaso pa alendo kuti upambane mkangano wa m'shopu."

Lumo misozi inali chuchuchu. Anafuna kuwagwira dzanja, koma mayiwo analibweza mwaulemu.

"Tuluka, unditsekere chitseko. Tsiku la maliro awo ndinalira munthu wolemera. Bambo angawa sindinawalirepo."

Anatuluka. Ataima panja, msana atatsamira khoma, anamva amayi ake, nkhalamba ya zidzukulu, akulira ngati kamtsikana kosiyidwa pamsewu, akuitana bambo awo. Analibe choti achite, ndipo sanathe kuchokapo.

Wa takisi sanauze munthu, ankabwerabe kudzametedwa n'kumakamba za mpira. Lumo ankapitabe Lamulungu kukawaona amayi ake, ndipo ankamulandira, kumufunsa za ana ndi za ntchito, poti mayi sataya mwana. Koma za bambo awo sanazitchulenso mpaka tsiku limene anatisiya. Lumo anachenjezedwa ndi mkazi wake, anachenjezedwa ndi makaniko, anachenjezedwa ndi agogo ake omwe ali m'manda, koma iye anafuna kukaona ndi maso, n'kutenganso amayi ake kuti akaone nawo. Zoona anazipeza, zonse ndithu, ndi zimene sanazifune zomwe. Paja akuluakulu anati wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe.